Mphanga za pa Msewu wa ku Lerici

Galimoto anaibwereka ku Savona Lachinayi pa 16 Meyi 2019, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Ya Ermanno inali ya zitseko ziwiri ndipo sikanakwana anthu anayi ndi masutikesi awo. Paulendowo panali Ermanno mwiniyo, mkazi wake Ornella, mlongo wake wamng'ono Nives, ndi Fulvio, mwamuna wa Nives. Ankapita ku Lerici kukakhala masiku anayi m'mbali mwa nyanja.

Mayi wa pa ofesi yobwereketsa galimoto anafunsa ngati alembe dalaivala wachiwiri, popeza lamulo lawo linali lakuti amene dzina lake silili pa pepala asagwire chiwongolero. Nives anali atatulutsa kale laisensi yake. Ermanno anaikankha ndi chala, nanena kuti munthu amene anayendetsa basi zaka 34 osagunda ngakhale mphaka safuna womuthandiza pa makilomita 150. Fulvio, yemwe analibe laisensi chibadwire, anaseka kuposa onse.

Chimene Ermanno sananene n'chakuti pa 9 Epulo dokotala wa maso anamupeza ndi ng'ala m'maso onse awiri. Anamulembera opaleshoni ya mu Seputembala ndipo anamuletsa kuyendetsa galimoto mpaka nthawiyo. Kalata ya dokotalayo inali m'bokosi la zipangizo m'galaja, pansi pa masipanala.

Mpaka ku Genova zinayenda bwino chifukwa kunali mitambo. Atangopitirira mzindawo dzuwa linatuluka, ndipo kumeneko msewu umaboola phiri lililonse: mphanga, mlatho, mphanga ina. Akalowa m'mphanga, Ermanno ankangoona mdima kwa masekondi atatu. Akatuluka, ankangoona kuyera kwa masekondi anayi. Anawerengera mumtima monga ankachitira pa ntchito: pa liwiro la makilomita 80 pa ola, masekondi anayi ndi mamita pafupifupi 90. Mamita amenewo ankayenda ndi anthu atatu popanda kuona chilichonse.

Anapeza lole yonyamula matailosi n'kumamatira kumbuyo kwake, maso pa nyali zake zofiira. Fulvio, amene anakhala pampando wakutsogolo, anazindikira msanga.

"Alamu, loleyi ndi mayi anu kodi? Mukuilondola ngati mwana wa ng'ombe wofuna kuyamwa."

Ermanno anayankha kuti wofulumira atsike akwere sitima. Kumbuyo azimayi ankakangana za malo odyera masana. Nives ankafuna nsomba zokazinga ku Sestri Levante, pomwe Ornella ankati buledi wa mafuta a olivi amene ananyamula akwana.

Pa Chiavari lole ija inapatuka.

Anapirira mphanga zina zisanu ndi imodzi. Pa yachisanu ndi chiwiri, kupitirira Sestri, potulukira panali anthu okonza msewu amene anatseka mbali ya kumanja ndi zipilala zofiira zapulasitiki. Ermanno sanazione, anangozimva. Zitatu zinalowa pansi pa galimoto, ndipo bambo wina wovala jekete lachikasu analumphira kuseri kwa chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Ornella anagunda chipumi pampando wakutsogolo. Palibe anavulala kwenikweni.

Anaima pa malo oimikapo galimoto mamita 500 kutsogolo. Fulvio anayamba kutukwana okonza msewu kuti amaika zinthu zawo pomwe munthu sangazione. Nives sanamuthandize kutukwanako. Anatsika, nazungulira mpaka pa windo la dalaivala, n'kuloza chikwangwani chobiriwira chimene chinali patsogolo pawo.

"Achimwene, tandiwerengerani icho."

Ermanno anachiyang'ana. Ankaona chobiriwira ndi mizere yoyera yosungunuka. Akanatha kunena kuti Deiva Marina, chifukwa msewuwo ankaudziwa pamtima, ndipo bodzalo likanadutsa. Anazimitsa injini m'malo mwake, nafotokoza za dokotala, tsiku lake, ndi kumene kalata inali. Analankhula mwachidule, maso ali pa chiwongolero.

Fulvio anayesa kunena nthabwala ya magalasi koma inafera m'kamwa. Nives anaimbira foni ofesi ija. Anamuuza kuti dzina la dalaivala wachiwiri sililembedwa pa foni. Mwini laisensi ayenera kukaonekera yekha, ndipo ofesi yawo yapafupi inali ku La Spezia, makilomita oposa 40 kutsogolo. Akayendetsa asanalembedwe n'kuchita ngozi, inshuwalansi siidzamudziwa.

Ermanno, amene moyo wake wonse sanadutsepo loboti itafiira, anati njira yotsalayo angayende pang'onopang'ono, Nives akumuuza zakutsogolo. Nives anangotambasula dzanja. Anadikira choncho mpaka mlongo wake anamuikira kiyi m'manja.

Ermanno anakakhala kumbuyo pafupi ndi mkazi wake. Chipumi cha Ornella chinali chitayamba kutupa. Mayiyo anadikira mpaka Nives atalowa mu msewu n'kusintha magiya. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti a kutsogolo asamve.

"Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse mumakatenga Viola kusukulu pa galimoto. Kuyambira pa 9 Epulo, kangati?"

Viola anali mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi, mwana wa mwana wawo wamkazi. Ermanno sanafunikire kuwerenga. Anati kasanu ndi katatu, kuchotsapo tchuthi cha Pasaka.

Ornella anagwedeza mutu, natulutsa foni m'chikwama. Ermanno anamupempha kuti adikire abwerere kunyumba Lolemba, akamuuze yekha mwana wawoyo pamaso m'pamaso. Ornella anati mawa ndi Lachisanu, ndipo ngakhale mawalo Viola akatengedwa ndi bambo ake, mayi ake ayenera kudziwa lero amene sadzakamutenganso Lachiwiri. Anapeza nambala ya mwana wawoyo, nadina, n'kumupatsa mwamuna wake foniyo ikuitana.