Kabokosi Kachitatu

Chitulukireni m'chipatala, Amayi akhala kwa ine. Miyendo yawo imatupa, moti kuchoka pabalaza kukafika kuchipinda chawo ndi ulendo wa ndodo, wopumira kawiri panjira. Ndine ndimawasambitsa, ndine ndimadziwa piritsi la m'mawa ndi la madzulo. Koma nkhope yawo imawalira wina, mng'ono wanga, amene tonse timangomutcha Mzime. Iye amakhala kutali, kokwerera ndege, ndipo amaimba pa vidiyo masana aliwonse.

Intaneti ya m'nyumba mwathu inkathera pakhomo la bafa. Rauta, kachipangizo kogawa intanetiyo, inali pamwamba pa kabati pabalaza, ndipo makoma athu ndi ochindikala. Amayi akanyamuka ndi foni kulowera kuchipinda, nkhope ya Mzime inkauma kukamwa kuli yasa, kenako zii.

"Wathawa," ankatero Amayi, n'kuponya foni m'thumba la juzi.

Kuyambira pamenepo ankakhala anga. Ndinkawakhazika pabedi, n'kuviika mapazi awo m'beseni la madzi ofunda, n'kuwasisita ndi mafuta. Ankandidandaulira za bondo. Ankandinena kuti manja anga ndi okhakhala ngati a malemu bambo anga. Sindinauzepo munthu, ndipo ngakhale m'pemphero ndinkalambalala, kuti khoma lotchinga intaneti lija ndinkalikonda.

Kenako Mzime anatumiza katoni, momwe munali timabokosi titatu toyera, tofikitsa intaneti m'nyumba monse. Anapezanso mmisiri, bambo wadazi amene anavula nsapato pakhomo osauzidwa, n'kuyamba wapereka moni kwa Amayi asanayang'ane mawaya.

"Titatuti tikhala ndi dzina limodzi ndi mawu achinsinsi amodzi," anafotokoza mmisiriyo. "Foni siidziwa n'komwe kuti yasintha. Aka kakaona kuti agogo atalikira, kawapereka kwa kanzake. Ngati anthu opatsirana njerwa pomanga."

"Ndasanduka njerwa tsopano?" anafunsa Amayi.

"Yootcha bwino, agogo. Yosasweka."

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Mmisiri anaika kamodzi pakabati, kena m'kanjira kopita kuzipinda, n'kutembenukira kwa ine kachitatu kali m'manja.

"Aka tiika kuti, mayi?"

"Kukhitchini," ndinayankha msanga. "Kuchipinda soketi ndi imodzi, ndipo ndimasitira pamenepo."

"Ayi, achemwali!" Anali Mzime, pafoni imene Amayi anaitsamiritsa pakapu. "Kuchipinda kwa Amayi. Ndiko ndinagulira zonsezi."

Mmisiri anandiyang'ana pang'ono, n'kulowa kuchipinda.

Atamaliza anati tiyese. Amayi anadzuka, ndodo kumanja, foni kumanzere, Mzime akuwachemerera ngati ali pampikisano. Ine ndinkabwera pambuyo ndi mpando woti apumirepo. Tinadutsa pakhomo la bafa. Ndinadikira kuti mawu adukize. Sanadukize.

"Ndikuonabe! Amayi, ndi katani yakale ija imeneyo? Mukadali nayo?"

"Walowa!" anafuula Amayi. "Mwana wanga walowa kuchipinda!"

Ndinatula mpando pansi. Panalibe amene anaufuna.

Masiku atatu otsatira Mzime anali paliponse. Ankadya nafe, ankapita nafe pakhonde kukaothera dzuwa, ankatiperekeza mpaka pabedi. Ndikamasisita mapazi, Amayi ankayang'ana m'mwamba, kufoni, ine n'kumangoona kunsi kwa chibwano chawo.

"Achemwali, pilo ameneyo sanatalike?"

"Ndi amene amamufuna."

"Ndinawerenga kuti madzi asamatenthe kwambiri."

"Ndamva."

Ndinkapemphera ndikutsuka mbale: Ambuye, ndi mng'ono wanga, ndinamubereka kumsana ndine. Koma pemphero linkathera m'madzi a sopo momwemo.

Tsiku lachinayi ndinasita zovala masana, nthawi imene sindisita. Ndinazula kabokosi kachitatu, n'kulowetsa ayironi. Nditamaliza ndinazula ayironi, koma kabokosiko sindinakabwezere. Ndinakankhira pulagi yake kuseri kwa bedi ndi chala chakuphazi.

Mzime anaimba nthawi yake. Anacheza pabalaza, kenako Amayi anati msana watopa. Tinayenda. Ka m'kanjira kanawagwira mpaka pakhomo la chipinda. Amayi atapinda kulowa, ndodo inagunda chitseko, foni inagwedezeka, mawu a Mzime n'kuduka pakati pa chiganizo.

Amayi sanati wathawa. Anayang'ana foni, anayang'ana kusoketi kopanda kanthu, n'kukhala pabedi. Ndinabweretsa beseni. Ndinagwada. Chipinda chinali changa, monga ndinafunira, koma munalibe wodandaula za bondo. Ankangosisita galasi la foni ndi chala chachikulu.

Foni yanga inalira pabalaza. Ndinaisiya. Inaliranso, n'kuliranso. Ndinapita osapukuta manja.

"Achemwali! Amayi agwa?" Mzime ankapuma ngati wathamanga. "Ndamva kugunda, kenako mdima. Agwa? Musandibisire, chonde."

"Sanagwe. Ali pabedi."

"Mukunena zoona?"

"Ndinayamba ndakunamizapo za Amayi?"

Anayamba kulira, kulira kwake kwa paubwana, kokoka mamina. "Ine kuno ndilibe chilichonse, achemwali. Inu muli nawo. Mukafuna mumawagwira. Ine ndili ndi kagalasi aka basi, ndiye kakada ndimangoganiza zoipa."

Ndinaima pakati pa balaza, madzi akuyenderera kuchigongono. Ndinafuna kumuuza kuti iye ali ndi nkhope yawo, ine ndili ndi mapazi.

"Ndinazula ndine," ndinatero. "Ndimasita. Imbanso pakapita mphindi ziwiri."

Ndinabwerera, n'kugwada kuseri kwa bedi kufunafuna pulagi. Nditailowetsa, kanyali kofiira kanayamba kuphethira. Mmisiri anali atanena kuti kamatenga kanthawi kuti kapezane ndi tinzake. Ndinakhalanso pansi, n'kunyamula phazi lamanzere.

Dzanja la Amayi linatera pamutu panga. Linafufuza m'tsitsi pang'onopang'ono, monga ankachitira pondipesa ndili kamtsikana.

"Imvi," anatero. "Zayamba liti?"

"Chaka chatha."

"Osandiuza?"

"Mukanazitani?"

"Ndikanazizula. Woyamba kubadwa wanga sangachite imvi ine ndili moyo, anthu aziti ndine nkhalamba."

Kanyali kanasanduka kobiriwira. Foni inalira pomwepo, dzanja lija n'kuchoka. Ndinamva kuzizira pamene linali.

"Amayi! Mwandiopsa!"

"Akulu akowa amasita. Ukuona ngati zovala zimadzisita zokha kuno?"

"Ali kuti? Tembenuzani foni ndiwaone."

Amayi analimbana nayo mpaka inaloza pansi. Mzime sanaone nkhope yanga yokha. Anaona beseni, thaulo, ndi mapazi otupa, onyezimira, mmene chala changa chinasiya dzenje losabwerera msanga. Nkhope yake inangouma pagalasi, moti ndinayang'ana kanyali kuti mwina kazimanso. Kanali kobiriwirabe.

"Amakhala chonchi tsiku lililonse?" anafunsa motsitsa mawu.

"Lero ali bwinoko."

"Ndipo mumatere tsiku lililonse?"

"Kawiri."

"Ndionetseni mmene mumachitira, achemwali. Pang'onopang'ono."

Ndinathira mafuta m'manja, n'kuyambira kuchidendene.