Siginecha Imene Inasowa Pamaliro a Czesław

Mbale za msuzi wa nkhuku zinali zisanachotsedwe patebulo pamene Wiesława anayamba kuyendetsa pepala pakati pa anthu obwera kumaliro. Mwamuna wake Czesław anali ataikidwa m'mawa womwewo, koma panalibe nthawi yokhala pansi, poti linali tsiku lomaliza kupereka pepalalo ndipo ofesi ya chisankho imatseka 3 koloko.

Malemuyo ankapikisana nawo pa mpando wa sołtys, mkulu wa mudzi wochita kusankhidwa. Kwathu kuno chisankho chimenechi chilibe za zipani, umangobwera ndi dzina lako ndi anthu makumi awiri okusainira. Czesław ankafuna chinthu chimodzi basi: msewu wa kumtunda uthiridwe miyala. Ndiye taonani zapadziko! Lolemba mtima utamugwira, ambulansi inatitimira m'matope a msewu womwewo, ndipo pamene anthu amaikankha n'kuti munthu atapita kale.

Bogumiła, mlembi wa chisankho, anali atafotokoza lamulo mosapsatira mawu. "Wopikisana akamwalira, amene anamusainira atha kuika wina m'malo mwake pasanathe masiku atatu. Masiginecha akhale makumi awiri ndithu, ndipo amene anasainira mbali ina sangasainirenso kuno. Zikakanika, amene amalimbirana mpando ndi malemu, Zdzisław, alowa yekha wopanda wopikisana naye."

Anthu a kumtunda anagwirizana kuti Wiesława ndiye alowe m'malo mwa mwamuna wake. Onse anasaina, ena mafuta a nkhuku ali kumanja. Iye anawerenga maina. Khumi ndi asanu ndi anayi. Anawerenganso, akuloza ndi chala. Omwewo. Atayang'ana pepala lakale la malemu, mtima unangoti myuu. Pamzere woyamba penipeni panali dzina la Czesław mwini wake. Munthu uja anadzisainira yekha kuti chiwerengero chikwane.

"Kalanga ine, bamboyu!" anatero Wiesława. "Ngakhale ali m'manda akundisiyirabe ntchito."

Wina akanachokera kuti? Achinyamata onse ali kuganyu ku Germany, ndipo a kumunsi onse anali atasainira kale Zdzisław, mlimi wa njuchi uja wofuna kuti ndalama za mudzi zikonze denga la holo. Kumeneko mlimiyo analowa khomo ndi khomo, botolo la uchi kumanja.

Zdzisławyo anali pakona, akudya mwakachetechete. Iye ndi malemu anayamba kukangana ali ana asukulu, ndipo sanapumulepo. Anapukuta pakamwa n'kuyandikira.

"Alamu, bwanji nkhope yagwa kuposa mmene inalili kumanda?"

"Pitirizani kudya, a Zdzisław. Mpando ndi wanu. Lasowa dzina limodzi."

"Limodzi lokha? Czesław anadzisainira yekha eti?" Anaseka mpaka kutsokomola, anthu n'kumucheukira. "Ndinkamuuza ine! Munthu wamkulu n'kumadziombera m'manja wekha. Ine manyazi anandigwira, papepala langa sindinaikepo dzanja langa."

Wiesława anamuyang'ana, osamvetsa.

"Ndiye kuti m'mudzi muno wotsala wosasaina ndine ndekha," anatero Zdzisław. "Patseni cholembera."

"Mwaledzera kodi? Mukudzisulira nokha mpeni."

"Ndamwa tambula imodzi yokha. Tamverani alamu, maliro n'kulirana. Ine ndimafuna kumugonjetsa Czesław ali maso, anthu akuona. Zoti ndilowe chifukwa mnzanga wagona, ndidzayenda bwanji pamsewu? Ana azidzandiloza kuti uyo, anapambana maliro."

Anasaina ndi zilembo zikuluzikulu, ngati akulemba pa mng'oma wa njuchi. Mkazi wake, ali chapatali, anangogwira pakamwa.

Nthawi inali itapitirira 2 koloko, ndipo galimoto yaing'ono sikanatha kutsika m'matope aja. Zdzisław analiza thirakitala yake. Wiesława anakwera ndi zovala zake zakuda, pepala ataliika m'chifuwa, ndipo anafika ku ofesi kutatsala mphindi khumi.

Bogumiła anawerenga maina limodzilimodzi. Atafika pa lomaliza anavula magalasi, n'kusuzumira pawindo pamene thirakitala inali kuguguda. Anatsegula buku la malamulo, kusanthula tsamba ndi tsamba.

"Palibe poletsa," anatero, chidindo n'kuti pha!

Panja, Wiesława anagwira dzanja lokhakhala la Zdzisław ndi manja onse awiri. Kuyamika kunadzaza mumtima mwake.

"Zikomo, alamu. Mulungu yekha ndiye akudziwa."

"Musandithokoze msanga, tsiku lovota ndidzakukwapulani koopsa," anatero Zdzisław, akuyang'ana kumbali. Maso ake anali atafiira. "Ambulansi ija inenso ndinaikankha nawo, mukudziwa? Matope ake mpaka lero sanachoke kunsapato."

Wiesława anakwera pathirakitala, ndipo ulendo wonse wobwerera anali kuwerenga mumtima makomo amene ayambe kugogoda mawa.