Benchi ya Pamphambano

"M'fulasikimo muli chiyani, mayi?" anafunsa mlonda wa pachipata.

"Khofi," anatero Loretta.

Mlondayo anaigwedeza pafupi ndi khutu. Khofiyo analira ngati mchenga. Anayang'ana Loretta, kenako mayi wokalamba wovala zakuda pambuyo pake, n'kubweza fulasikiyo.

Munali phulusa la bambo ake, a Alvin Pruitt, amene anayendetsa basi mumzindamo zaka makumi atatu. Thupi lawo linatenthedwa Lachisanu. Pakapepala kamene anasiya analemba zochepa: akawathire kumalo osungirako nyama, pamene ankakonda kukhala. Chipumireni pantchito zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ankabwera kuno Lachiwiri lililonse, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wa m'banjamo amene anawaperekezapo. Malowo anali aakulu ngati mzinda, ndipo phulusa sathira kawiri.

"Kumikango," anatero Desmond, mchimwene wa Loretta, mkulu wa mpingo amene anamanga tayi padzuwa lotentha la mu Julayi. "Bambo anali mkango."

"Mkango woopa galu wa aneba," anatero mayi awo, a Odessa.

Anapitabe. Desmond anatulutsa m'thumba la jekete mapepala atatu a mawu otsanzikira amene analemba, nakonza kukhosi. Kuseri kwa galasi mkango unali gone chagada, miyendo tang'a, ntchentche zikuusewera pamphuno.

"Tsegula, Loretta."

"Achimwene, munawamvapo bambo akutchula mkango?"

"Zina munthu amangodziwa. Ine ndi woyamba kubadwa."

"Ndiye mungodziwanso kuti sinditsegula."

Anayesa kunjovu. Anayesa kuanyani, kumene Desmond anakana ngakhale kuima. Iye ndiye anagwira mapu, ndipo katatu konse anawafikitsa pamphambano imodzimodzi, pamene njira zisanu zinkakumana pafupi ndi ngolo yogulitsa mbuliwuli. A Odessa anakhala pabenchi n'kuvula nsapato imodzi.

Loretta anayamba kuganiza zobwerera nawo bambo ake kunyumba, akakhale pamwamba pa firiji mpaka kalekale.

"Fulasiki iyo ndi ya a Pruitt," anatero mayi wina wosesa, wa imvi, atatsamira tsache lake. "Sabata ziwiri osaoneka. Adwala?"

Mayiyo anayang'ana zovala zakuda zija, anayang'ana mmene Loretta anaifumbatira fulasikiyo ndi manja onse awiri, n'kuvula chipewa.

"Ine ndine mwana wawo wamkulu," anatero Desmond. "Tiuzeni, ankakonda nyama iti?"

"Nyama? Sindinawaonepo akuyang'ana nyama. Ankakhala pomwe akhala mayi anuwo. Anthu amasokera pano tsiku lonse, mapu ali m'manja ngati inuyo. Iwo amangoona nkhope, basi ayamba kufuula ngati ali m'basi: njovu kumanzere, zimbudzi kumanja, agogo ayambe adutsa!"

"Zimbudzi," anatero Desmond motsitsa mawu. Anayang'ana mapepala ake atatu aja, nawapinda.

"Zaka khumi ndi chimodzi," anatero a Odessa. "Ine kumaganiza kuti mwina kuli kamkazi."

Kuseri kwa benchiyo kunali maluwa ofota ndi dzuwa. Loretta anagwada ngati akumanga chingwe cha nsapato, natsegula fulasiki. Mayi wosesa uja anatembenuka, nayamba kusesa pamalo amene anali atasesa kale. Desmond anaima pakati pa mlongo wake ndi njira, natambasula jekete kuti odutsa asaone.

Pomwepo panatulukira bambo wina wa thukuta, akukankha njinga ya olumala mmene munali nkhalamba. Anaima pakati pa mphambano, mapu atawagwira chadodolido.

A Odessa anamuyang'ana nkhope kanthawi. Kenako anakweza dzanja, nsapato ikadali m'manjamo.

"Kumanja, bambo," anatero. "Agogo ayambe adutsa."