Tsiku Limene Ndinavula Pamaso pa Anzanga

Mnzanga Tokuji anakana opaleshoni kawiri konse, chonsecho madokotala a m'tauni anali atamuuza kuti khansa ya m'matumbo mwakeyo siidikira kuti akolole kaye mpunga. Akazi ake, a Kinue, anandipeza m'mawa ndikutembenuza zipika zanga zomeretserapo bowa. Anati mpeni bamboyo sakuuopa, ngakhalenso ulendo wa maola awiri pa basi. Chimene akukana n'kathumba kamene adzamuike pamimba kuti chimbudzi chizigweramo. Akuti munthu wa kathumba angakalowe bwanji m'bafa la mudzi?

Musaseke. Kuno amuna timasambira limodzi m'bafa la kukasupe wotentha, ndipo wosapitako madzulo amakhala ngati anasamuka. M'madzi otentha a kasupe muja ndi mmene timapanganamo tsiku lowoka mpunga, la kulambula ngalande, ndi miseche yomwe. Ine ndikuzidziwa bwino, poti ndinasiya kupitako zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Anthu ankandinena kuti Masaharu wayamba matama. Matama ake ati? Ndinali nako kathumba kanga, ndipo ankadziwa ndi malemu akazi anga okha.

Ndinapsa mtima tsiku lonse, pena ndi Tokuji, pena ndi ine mwini. Namwino anali atandiuza kalekale kuti ukakakhuthula, n'kukapinda, n'kukamata bwino, umalowa m'madzi popanda chotuluka. Koma manyazi, abale! Ndiye munthu amene tinkaba naye mapichesi tili ana afe chifukwa ine ndakhala chete?

Cha m'ma folo koloko ndinatenga beseni langa n'kupita. Ndinapeza amuna asanu ndi awiri m'madzi, Tokuji ali pakona, atawonda ngati nsungwi. A Genzo, nkhalamba yosasunga mawu m'kamwa, anayamba kundinena kuti abwana atikumbukira lero, kaya bafa la kunyumba labooka. Ndinasamba pampando monga mwa masiku onse, kenako ndinaimirira n'kuchotsa kansalu pamimba. Maso onse anali pakathumba kanga.

"Tokuji, taona kuno," ndinatero. "Zaka zisanu ndi zinayi izi. Mankhwala onse ndinamaliza, sindinadumphe ngakhale ulendo umodzi. Ndanyamula nako adzukulu atatu. Iwe ukufuna kutisiya chifukwa cha kanthu aka?"

Tokuji anagwetsa nkhope. A Genzo anakayang'anitsitsa kathumbako, kenako anasendera kumbali.

"Ndiye zaka zonsezi umatithawira zimenezi? Ndiwe chitsiru, mphwanga. Lowa, ukutitchinga."

Ndinalowa mpaka m'khosi. Madzi anakhala oyera monga analili. Wina anafunsa ngati kamapweteka, wina ngati mowa ndimamwabe, ndipo nditati kapu imodzi yokha anaseka kuti pamenepo ndiye ndanama. Ndikuuzeni zoona, m'moyo mwanga sindinanyadepo ngati tsiku limenelo, ndili maliseche pakati pa nkhalamba zinzanga.

Tokuji yekha sanaseke nawo. Titatuluka m'madzi anandikhazika pampando, natenga nsalu n'kuyamba kundikhula kumsana, mwamphamvu ngati wandikwiyira. Anakhula nthawi yaitali. Kenako ndinamva mawu ake kumbuyoko, otsika kwambiri.

"Basi ya Lolemba imanyamuka seveni koloko. Akazi anga amachita mantha ndi zipatala. Ukandiperekeze ndiwe."