Matope a Tikondwe

“Ndani wagwira mabotolo anga?”

Tikondwe, mdzukulu wanga, anatuluka m’chipinda atanyamula beseni la mabotolo. Ine ndinali kusita. Amuna anga, a Simeon, anali pakhonde, akupukuta pampu ya njinga monyadira.

“Ndine,” anatero. “Usathokoze.”

Mwanayu amaphunzira za madzi kuyunivesite. Anapita ku Beira ndi anzake, nakatapa matope pamene mtsinje umathirira m’nyanja yamchere. Matope akuda, onunkha ngati ngalande za kuno ku Luveve paipi ikaphulika. Anawaika m’mabotolo, nathira madzi pamwamba, natseka zolimba, nawabisa mumdima pansi pa bedi. Akuti matope odzaza feteleza ndi zonyansa za m’tauni amakhala ndi tizilombo tosaoneka timene timamaliza mpweya wa m’madzi, nsomba n’kufa. Ntchito yake inali kuyeza kuti mpweyawo ukutha mofulumira bwanji. Popanda zimenezo, mayeso a chaka chino walephera.

Koma ife sanatiuze zonsezi. Anangoti, “Musagwire, matopewa akupuma,” n’kuthamangira kombi, minibasi ya kuno.

Kunena zimenezo kwa a Simeon, munthu amene anakalambira pansi pa mgodi!

“Khulu, mwatani?” Tikondwe anafunsa agogo ake aamunawo.

“Ndatsegula onse. Lililonse ndalipopa bwinobwino mpaka thovu.”

“Mwapopa?”

“Iwe unayamba watsekeredwapo pansi mpweya ukutha? Ine ndinaona amuna andevu akulira amayi awo. Chinthu chopuma sachitsekera, kaya ndi matope.”

“Ndimafuna kuti mpweyawo uthe, khulu!”

“Tamumva mdzukulu wako, mayi,” anatero akundiyang’ana. “Sukulu yamuphunzitsa ufiti.”

Tikondwe anaviika kachipangizo kake koyezera mpweya m’botolo limodzi. Mpweya unali wochuluka kuposa tsiku limene anatseka. Matope ndi madzi zinali zitasanduka phala. Anakhala pansi n’kuyamba kulira.

Ndinazimitsa simbi. Kulira sikunatsekepo botolo.

“Bwanji titape ena kungalande yakuseriyi?” ndinafunsa.

“Si a kunyanja, gogo. Aphunzitsi adziwa. Ndipo sakhulupirira zimene zachitika.”

“Akhulupirira. Bambo, valani jekete.”

“Ndipite kuti?”

“Kuyunivesite. Mukanene ndi pakamwa panu. Pampuyo munyamule.”

Anapita onse awiri, akukangana mpaka pokwerera kombi. Pobwera, a Simeon anali kuyenda ngati alandira mendulo. Akuti mphunzitsiyo anaseka mpaka kuvula magalasi, kenako anamupatsa Tikondwe theka la matope a mnzake, kuti ayambirenso kumeneko, m’chipinda chokhoma.

“Ndiye kuti enawo awatsekerabe,” anadandaula a Simeon. “Anthu opanda chisoni.”

Ndinamukokera Tikondwe kukhitchini.

“Iwe, agogo akowa si opusa, ndi achifundo, ndipo zimenezo n’zoopsa kwambiri. Ukabweretsanso chinthu m’nyumba muno, ukhale pansi, ufotokoze mpaka kumapeto. Kombi ikusiye, ibwera ina.”