Chipinda cha Ovuta

Dilcia ankagulitsa mabaleada, timikate tokazinga topinda toikamo nyemba, pachipata cha sukulu ina kunja kwa mzinda wa San Pedro Sula, ndipo ana ake awiri ankaphunzira momwemo. Choncho akalakwa, nkhani inkamupeza asanapukute n'komwe ufa m'manja. Wamkulu, Wilmer, anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Aphunzitsi ankawayankha mwamwano, koma kunyumba ndiye ankakanda ufa ndi kusenza nyemba kukafika nazo pachipata. Wamng'ono, Elvin, anali atangoyamba sukulu, ndipo ankaluma. Analuma mwana wa mayi wogulitsa mango mpaka magazi, analumanso mlonda padzanja.

Chaka chimenecho kunabwera bungwe lina ndi maphunziro oletsa ndewu. Kwa tiana ntchitoyo inagwera aphunzitsi a Nolvia, mayi wa mawu osasa amene anaphunzitsa ndi Dilcia yemwe. Iwo anauza anawo kuti mtima ukatentha azichita ngati agwira mbale ya msuzi wa nyemba, aununkhize, kenako auuzire mpaka uzizire. Kalasi yonse inkachita zimenezi, wofatsa ndi wolusa yemwe, ndipo tsiku likatha wopanda wolira, onse ankavina.

Dilcia anangoseka atamva. Koma tsiku lina mwana wina atalanda Elvin mpira pafupi ndi chiwaya chake, Dilcia anaona Elvin akuthamangira mnzakeyo kukamwa kuli yasa, kenako n'kuima. Anakunga timanja take n'kuyamba kuuzira m'malere, misozi ili chuchuchu. Sanalume. Patapita masiku anafika podzudzula mayi ake omwe pamene ankakalipira galu, akuti msuzi wawo watentha.

Ana okulirapo anawachitira zina. A bungwelo anasankha ovuta okhaokha m'makalasi onse apamwamba, n'kumawasonkhanitsa m'chipinda chimodzi poweruka, pamodzi ndi mlangizi wa bungwelo. Wilmer anakana, akuti iye si wamisala. Dilcia, poona mmene Elvin anasinthira, anamukokera yekha mpaka pakhomo la chipindacho.

M'menemo Wilmer anadziwana ndi Yeison, amene mkulu wake anali mmodzi wa anyamata olamulira makwalala onse a tsidya lino la mlatho, aja anthu satchula dzina la gulu lawo. Mlangizi akafunsa kuti ndani anamenyapo munthu, aliyense ankathira mchere nkhani yake, anzake n'kumaomba madesiki. Wilmer analibe nkhani yoombetsa desiki. Anayamba kuisaka.

Posakhalitsa analeka kukanda ufa. Anabwera ndi nsapato zatsopano, akuti wabwereka. Elvin atafuna kumuphunzitsa kuuzira msuzi, anamukankha mutu n'kumuuza kuti akauzire a Nolvia akewo.

Dilcia anapita kwa a Nolvia, nawapeza akusesa m'kalasi. Anawafunsa kuti zikutheka bwanji mankhwala amodzi kuchiritsa mwana uyu n'kudwalitsa uyo. Aphunzitsiwo anatsamira tsache.

"Si amodzi, make Wilmer. Tiana iti timayang'ana ine, ndikamwetulira basi tsiku lawo lakoma. Wanu wamkuluyo ine sandionanso, amayang'ana amene akuseka kumbuyo. Ndiye tawatola onse otere n'kuwaunjika pamodzi. Ndinanena pamsonkhano, anati ndakalamba."

Dilcia anapempha kuti mwana wake amuchotse m'gululo. Anamuchotsadi, koma n'kuti Wilmer atasiya kale kulowa m'kalasi. Ankakhala pakona pafupi ndi mlatho, foni ili m'manja, kuwayang'anira anyamata olamulira makwalala aja aliyense wolowa ndi wotuluka. Mvula itayamba, mnyamata wina wa m'chipinda chija anapezeka atafa m'munda wa nzimbe. Bungwe linatseka chipindacho mwakachetechete, maphunziro a tiana okha n'kupitirira.

Tsiku lina masana mkulu wake wa Yeison anaima pachiwaya kudzagula. Analankhula mwaulemu, anayamikira nyemba kuti zapsa bwino. Elvin atatuluka pachipata, anamusisita mutu, n'kunena kuti kameneka n'kochangamuka, ndiponso tiana totere apolisi satipisa m'matumba. Dilcia anamupatsa chakudya chake. Atachoka, anazimitsa moto ngakhale kuti ufa unali udakalipo.

Wilmer ankabwerabe kunyumba mwa apo ndi apo kudzadya. Atabwera, mayi ake anamuuza kuti akupita ndi Elvin kumapiri a Santa Bárbara kwa mchemwali wawo, ndipo anamugwira mwendo kuti apite onse. Kumeneko akathyola khofi, palibe womudziwa. Mnyamatayo anadya osadzutsa mutu, mapewa ake akadali a mwana.

"Mama, m'gulu muno salowa n'kutuluka ayi. Ndikasowa ine, abwera kwa inu. Mutengeni Elvin, mupite mawa lomwe."

Anatsuka mbale yake, chinthu chimene anali atasiya kalekale, n'kutuluka.

Kutacha Dilcia ndi Elvin anakwera basi. Pofika pamlatho dalaivala anachepetsa liwiro n'kutsitsa magalasi monga mwa lamulo la anyamatawo. Wilmer anali pamalo pake, foni ili kukhutu. Anayendetsa maso pa mawindo onse limodzilimodzi, akulankhula motsitsa mawu, ndipo atafika pa windo lawo sanaime. Elvin anatulutsa mutu kumuitana dzina. Dilcia anamukokera pansi n'kumutseka pakamwa mpaka atadutsa minda ya nzimbe.

Kumapiriko Dilcia anagona kamodzi kokha. Elvin analira pomusiya, koma mchemwali wa Dilcia analonjeza kumulembetsa sukulu ya pafupi ndi tchalitchi. Dilcia anabwerera yekha, nayatsanso moto pachipata. A Nolvia anafunsa za mwanayo, iye anangoti ali bwino. Ataima pachiwayacho ankatha kuona mlatho chapatali, ndipo m'mawa uliwonse, asanathire mafuta, ankayamba wasuzumira kuti aone ngati pakona paja padakali munthu wake kapena aikapo wina.