Munthu Woima Pambali pa Duwa

Wojambula zithunzi anali atagona chafufumimba kuseri kwa shopu yake, zigongono zili m'dothi, pamene mlamu wake wokonza mawotchi anatulukira pakona.

"Mlamu, mwafa kodi? Ndiyambe kuuza abale?"

"Chokani pamenepo, mukunditchingira dzuwa."

Kuzizira kunali kutangotha, ndipo m'mphepete mwa ngalande munali mutamera timaluwa tofiirira, tochepa ngati mutu wa machesi. Tinkakhala sabata imodzi basi. Chaka chilichonse iye ankatijambula chapafupi kwambiri, mpaka tiubweya ta pakatsinde kuoneka.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero wojambulayo, akusasa fumbi pamalaya.

"Nkhono yakeyo ikuseka. Munthu wa imvi kumakwawa ngati buluzi!"

Atalowa m'shopu, wojambulayo anaika zithunzizo pakompyuta. Anaweramira pafupi, diso lamanzere atatsinzina monga anazolowera pantchito.

"Tabwerani, mlamu. Mukuona chiyani apa?"

"Duwa."

"Pambali pa duwalo."

"Duwa linzake."

"Munthu ameneyu simukumuona?"

Pachithunzi chilichonse iye ankaonapo kanthu kakuda, kooneka ngati munthu woima atazolika mutu. Linali tsiku lachinayi akukaona, koma anali asanauze aliyense. Lolemba kanali chakumphepete kwa chithunzi. Lachitatu kanali katasendera mkati. Tsiku limenelo kanali katatsamira duwa lenilenilo.

Wokonza mawotchi anavala kagalasi kake ka padiso, n'kuunguza kamera yonse, kutsogolo ndi kumbuyo.

"Ilibe mlandu iyi. Mulibe ngakhale fumbi. Kapena mwajambula mzimu wa mwini malo."

Ananena moseka, koma anaseka yekha, ndipo posakhalitsa nayenso analeka.

Nthawi yomweyo kunalowa mayi wina wofuna chithunzi cha chiphaso. Anali woyamba kubwera sabata imeneyo. Wojambulayo anamukhazika pampando kutsogolo kwa nsalu yoyera, n'kukweza kamera.

Mayiyo analibe nkhope. Ndolo zinalipo, kolala inalipo, koma pakati panaima munthu wakuda uja, mutu uli chozolika.

Anatsitsa kamera. Nkhope inabwerera, ikumwetulira mwamanyazi. Anakwezanso. Inasowa.

"Bambo, ndaipa kwambiri kodi?" anafunsa mayiyo.

"Ayi, mayi. Khalani choncho."

Koma chala chinakana kudina. Thukuta linayamba kutsika m'khosi.

Mlamu wake anali ataima pakhomo, akuyang'ana nkhope ya wojambulayo osati kamera. Nayenso anali munthu wogwira ntchito ndi diso limodzi zaka zonsezi.

"Mlamu, ikani pansi chinthucho. Phimbani lamanzere ndi dzanja, mundiyang'ane ine."

Wojambulayo anaphimba. Mlamu wake anatsala mapewa okhaokha, mawu akuchokera mumdima.

"Alipo?"

"Alipo. Waima pa inu."

"Tsopano phimbani lamanja."

Nkhope yonse inaoneka, ndevu zosameta bwino ndi kachipsera ka pachibwano.

"Wapita."

"Sanapite. Ali m'diso mwanumo. Mukatsegula onse awiri, labwinolo limamubisa."

Mayi uja anadzuka pang'ono pampando. "Ndibwere mawa kapena?"

"Khalani, mayi."

Anamujambula ndi diso lamanzere, mphuno ikugunda kamera ngati wophunzira kumene. Chithunzi choyamba chinapendekeka. Chachitatu chinakhala bwino, ndipo mayiyo anachitenga n'kutuluka mofulumira, osacheuka.

"Ndidzapita kuchipatala sabata yamawa," anatero wojambulayo. "Timaluwa tija tatsala ndi masiku atatu."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, mlamu. Lolemba anali kumphepete, mwanena nokha ndi pakamwa panu pomwe ndimaona kamera. Lero wafika pati?"

Wojambulayo anaika kamera m'chikwama chake, anazimitsa kompyuta, n'kukhoma chitseko. Panja anapisa m'thumba, anatulutsa kiyi wa njinga yamoto, n'kumupatsa mlamu wake.

"Muyendetse ndinu."

Mlamuyo analandira popanda nthabwala.

Ali m'njira yopita kuchipatala, ataima pamphambano kudikira magalimoto, wojambulayo anatsinzina diso lamanzere kamodzi kokha. Munthu uja anali pamsana pa mlamu wake, atakulako pang'ono. Anatsegula msanga, n'kugwiritsitsa malaya a mlamuyo.

"Musachedwe," anatero.